Ndinadya Ulendo wa Amake Rozina

Abambo anzanga a mumphakati muno, musawombe m'manja, palibe chowombera. Inu akumbuyo musavutike kusendera. Mawu a Damiyano Sakala mumawadziwa, ndikaitana ng'ombe kuno kwa Chiparamba, a ku Madzimoyo amatsekula makola awo. Koma lero sindilankhula za m'mutu. Ndalemba. Sukulu ndinailekera panjira, ndiye pepala ili landidyera masabata atatu, chilembo ndi chilembo. Ndachita dala chifukwa ndimadzidziwa. Ndikangotsekula pakamwa popanda pepala ndimadzikometsera, nkhani yonunkha imatuluka itavala tayi.

Nkhani yake ndi iyi: ine ndinadya ulendo wa mkazi wanga.

Mwana wathu Rozina anakwatiwa ndi mnyamata woyendetsa malole, amakhala ku Kepi, kumathero kwenikweni kwa dziko la Joni. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala pabanja wopanda mwana. Tsiku limene anadziwa kuti ndi woyembekezera anaimba foni akulira ndi kuseka pamodzi. Anati, "Atate, nthawi yanga ikakwana ndikufuna amayi adzakhale pano. Kuno ndilibe wondithowa, ndilibe wonditulutsa m'chikuta." Nonse mukudziwa kuti mwana woyamba safika popanda amake a mtsikana pafupi. Ndi iwo otereka madzi otentha, othowa msana ndi mimba, ochapa matewera, oonetsa kagwiridwe ka khanda. Anabanda, mkazi wanga, anavina pabwalo mpaka nkhuku kuthawa.

Rozina ndi mwamuna wake anasonkha ndalama ya ndege natumiza. Mwanayo ndi wanzeru, anatengera amake. Anati kwacha ikusungunuka ngati mafuta padzuwa, ndalama ikakhala m'nyumba pofika nthawi sidzakwana. "Pitani kubanki m'tauni ya Chipata, kuli khadi loikamo madola. Pasipoti ya amayi ikatuluka, mudzagulira tikiti khadi lomwelo pa intaneti. Otsalawo amayi azidzagulira chakudya panjira, osamanga ndalama pakona ya chitenje kuti akuba aziwanunkhiza."

Tinapita. Mayi wa pakauntala anafunsa bwinobwino, "Khadi limakhala m'dzina la amene akuyenda. Akuyenda ndani?"

Anabanda anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Ine ndinaligwira n'kulitsitsa.

"Mayi, kwathu fetereza ali m'dzina langa, ng'ombe zili m'dzina langa, mkazi yemweyu ali m'dzina langa. Lembani Sakala."

"Atate, pa ulendo khadi la munthu wina limavuta."

"Ndati lembani Sakala!"

Banki yonse inacheuka, mpaka mlonda wa pakhomo. Anabanda ananong'ona, "Alembeni, mayi, tingasiyidwe ndi galimoto ya kumudzi." Ndinatuluka m'menemo chifuwa chili patsogolo, kakhadi kobiriwira kali m'thumba la malaya, pamene anthu angakaone.

Patapita mwezi ndinabwera m'tauni kudzagulitsa mtedza, n'kupatukira kubanki. Za madola sindinkazimva, ndiye ndinafunsa momwe ndimadziwira: "Pa kwacha yathu muli zingati?" Mayi uja anatchula. Zinali zoposa zimene tinaikamo. Mwezi wina ndinafunsanso chimodzimodzi, zinali zitakweranso.

Apa mumvetsere bwino, chifukwa ena mwa inu mukanaganiza monga ine. Ine ndinakulira m'khola. Kuno kwathu munthu akakuikiza ng'ombe, ng'ombeyo ndi yake, koma mkaka ndi ndowe ndi za wosunga, ndipo ikabala kangapo thole limodzi amakusiyira. Palibe amene amati waba. Ndiye ndinati mumtima: Rozina wandiikiza ng'ombe, ng'ombe yayamba kutulutsa mkaka, wosunga ndine. Ndingomwa zapamwambazi, ng'ombe yeniyeni sindiikhudza.

Foni yaikulu imene Rozina anatitumizira kuti tizionana nkhope inkakhala m'thumba mwanga, usana ndi usiku womwe. Ndinapita nayo kwa alamu anga a Lameki, mlongo wawo wa Anabanda, amene amakonza mawailesi ndi mafoni pamsika. Ndinati andionetse momwe anthu amagulira katundu wa kunja.

"Alamu, iyi si ndalama ya ndege ya alongo anga?"

"Ndikumwa mkaka chabe. Inu mumadziwa mawaya, za ng'ombe tisiyireni ife."

Anapukusa mutu, koma ndani anakanapo ine ndikakweza mawu? Analowetsa manambala a khadi m'foni muja kuti akhaliremo. Kuchokera pamenepo kuwerenga sikunafunike. Chithunzi ukachikonda, kudinda ndi chala, basi chagulidwa.

Choyamba ndinagula chipewa. Ndinenenso chifukwa chake, ngakhale eni ake ali pompano. A Mwale awa, aphunzitsi opuma aja a kumishoni, zaka zonsezi akhala akudutsa pakhomo panga ndi nyuzipepala ya Chingelezi kukhwapa, n'kumandipatsa moni wakuti, "Mwadzuka bwanji a Sakala a chidindo?" poti pa mapepala ine ndimadinda chala m'malo mosaina. Ndinkafuna tsiku limodzi aone chinthu chimene ine ndili nacho, iwo alibe.

Katundu ankafikira pa kashopu kena m'tauni, wanjinga yamoto n'kumubweretsa kumudzi. Ndinamuuza kuti asamabwere tsiku wamba. Azibwera Lamulungu Misa ikangotha, anthu ali pamsewu, ndipo aziliza hutala kuyambira pamlatho. Ndinkakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, mpeni m'manja, anthu atazungulira, n'kumang'amba katoni pang'onopang'ono ngati ndikusenda mbuzi. Anandipatsa dzina, Bwana Dola. Ndinkalimva kukoma kuposa dzina langa la ubatizo.

Pambuyo pa chipewa panabwera wotchi yooneka ngati yagolide, inafa Lachitatu. Panabwera nsapato zosongoka, mvula yoyamba zinafundula ngati njoka. Suti yonyezimira ija ena munaiona, inang'ambika kumbuyo konse ndikugwada pa Misa, amayi a kwaya n'kuphonya nyimbo. Ndinagula makina oswetsa mazira, ofuna magetsi, m'nyumba yopanda magetsi. Ndinagula mankhwala odetsa imvi, mutu unatupa masiku anayi. Ndinagula chisipika chachikulu ngati mtondo, choimba nyimbo za m'foni mpaka agalu kulira. Ndipo popeza Bwana Dola sangadye yekha, ndinayamba kugulira anthu. Uyu tochi, uyu magalasi akuda, uyu lamba. Anthu amene sanandipatsepo moni wabwino anayamba kunditcha malume. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine mwambiwu ndakhala ndikuuza ana a eni chikhalire, koma pa ine ndekha sunamveke.

Ndikadinda chala, foni inkalira kauthenga ka Chingelezi kochokera kubanki. Ndinkangofafaniza. Kubanki ndinasiya kupatukirako. Munthu wodziwa kuti nkhokwe yatsika sakonda kusuzumira.

Nthawi yonseyi Anabanda ankakonzeka. Anafutsa nkhwani ndi chitambe, anasinja nsinjiro, anagula chitenje chatsopano cha mbereko, zonse m'chikwama pansi pa bedi. Zogula zangazo ankati ndi ndalama ya mtedza, ndipo ine sindinawakonze.

Pasipoti inatuluka. Rozina anati madokotala atchula mwezi, tikiti igulidwe. A Lameki anayesa katatu, khadi linakana katatu. Ndinawauza kuti ndi makina a banki, n'kupita kubanki ndekha, ndikufuula ndisanalowe n'komwe. Ndinapeza mayi yemwe uja. Anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, kenaka anatsitsa mawu kuti ena asamve. Anandichitira ulemu umene ine sindinamuchitire.

"Atate, madola atsalamo ndi ochepa. Sangakwane ngakhale theka la tikiti."

"Bodza! Inu nomwe munkandiuza kuti zikukwera. Ine ndadya zapamwamba zokha."

"Munkafunsa pa kwacha. Madola sanachulukepo ngakhale tsiku limodzi, kwacha ndiyo inkafooka. Ndege amagulitsa pa madola. Komanso mukagula chinthu, pali kangachepe kamene kamadulidwa pambali." Ataona kuti sindikumvetsa, anafunsa, "Mumalima chiyani, atate?"

"Mtedza."

"Mtengo wa mtedza ukakwera pamsika, mtedza wa m'thumba mwanu umachuluka?"

Abale, ndinamva ngati andithira madzi a m'dambo kumsana. Panalibe mkaka, panalibe thole. Miyezi yonseyi ndinkacheka ng'ombe yeniyeniyo, nthuli ndi nthuli, ili moyo.

Mukuganiza kuti pamenepa ndiye pansi? Ayi. Apa ndinali chitsiru chabe. Kuipa kunabwera pambuyo.

Munthu wolongosoka akanapita kunyumba, n'kugwada, n'kunena. Ng'ombe zapagoli ndinali nazo, nthawi inalipo, akanakwera ndege bwinobwino. Koma Bwana Dola angagulitse ng'ombe anthu akuona? Ndinafika kunyumba n'kuuza Anabanda kuti, "Rozina waimba. Akuti musavutike, kupita apongozi ake a ku Katete. Akuti iwo aja anazolowera za m'tauni."

Anandiyang'ana. Sanalire. Anangoti, "Chabwino. Mwana wakula." Anakoka chikwama pansi pa bedi, natulutsa mfutso ndi nsinjiro kukaika kukhitchini. Chitenje cha mbereko anachipinda n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi. Mfutso umenewo ndinadya nawo ine, masabata awiri, ndikunyambita zala.

Kwa Rozina ndinanena zina. Ndinapita kuseri kwa khola n'kumuuza kuti, "Amako akuopa ndege. Akuti sangakwere chinthu chosaponda pansi. Ndawanyengerera ndalephera." Iye anati, "Apatseni foni." Ndinati ali kumunda. Tsiku lina ndinati ali kumaliro. Tsiku lina ndinati mawu akuduka. Ndinaima pakati pa mayi ndi mwana ngati chitseko, aliyense kumbali yake akuganiza kuti mnzake wamukana. Onse awiri ndi anthu osunga zowawa m'mimba, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo, n'chifukwa chake bodzalo linagwira.

Rozina anachira ndi opaleshoni, mwana wamkazi. Nditauza Anabanda, analulutira kamodzi kokha, kamfupi, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka maso ali ofiira nati, "Mundiimbireko." Ndinati mayunitsi atha. Sanapemphenso. Anati, "Apongozi ake alipo, ine ndingasokoneze."

Ndipo tamverani izi, kuti mudziwe mtundu wa munthu amene munkamutcha malume. Madola otsala aja sindinawasunge. Ndinati zaonongeka kale, n'kudinda chala. Ndinagula ndodo yoyendera, ya mutu wa mkango.

Inafika Lamulungu, patapita masabata awiri mwana atabadwa. Dzuwa linali pamutu. Pansi pa mango panali anthu ambiri kuposa masiku onse, chifukwa ndinali nditalengeza kuti ndalandira mdzukulu wa ku Joni. Chisipika chinali kuimba, Anabanda akuzungulira ndi jagi ya thobwa. A Mwale nawonso anali ataima chapatali, manja kumbuyo. Ndinatulutsa ndodo ija m'katoni n'kuikweza m'mwamba, anthu n'kukuwa. Nthawi yomweyo nyimbo inadukiza, foni inalira kuti kwabwera uthenga wa mawu. Wina anasuzumira n'kuona chithunzi cha Rozina.

"Bwana Dola, timvetseniko mdzukulu akulira Chingelezi!"

Anthu anaseka. Ine ndinali nditaledzera, osati ndi mowa, koma ndi maso a anthu. Mutu sunagwire. Ndinadinda.

Mawu a mwana wanga anatuluka m'chisipika chija, aakulu ngati a wansembe pa tsiku la chikondwerero, koma ofooka, opumira m'mwamba.

"Amayi. Ndikudziwa foni imakhala ndi atate, koma ndikupempha akupatseni mumve. Bala latseguka. Dzulo ndinagwa m'bafa ndikuchapa matewera. Mwana analira mpaka mawu kutha, ine ndikukwawa kuti ndimufikire. Bambo ake ali pamsewu, abwera Lachisanu. Amayi, sindikukakamizani. Ndikungofuna ndimve pakamwa panu. Zoona ndege ndi yoopsa kuposa kundisiya ndekha chonchi?"

Zii. Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

Anabanda anali atawerama, akuthirira munthu thobwa. Anaimika jagi bwinobwino, naiika pansi mosamala kuti isatayike. Anapukuta manja pachitenje. Anayenda kubwera pamene ndinakhala, osathamanga, anthu akuwapatukira.

"Apongozi ake ali kuti?"

Ndinayang'ana mutu wa mkango.

"A Sakala, ndikufunsa inu. Apongozi ake a ku Katete ali kuti?"

Mawu aja ofika ku Madzimoyo ndinawafunafuna pakhosi, munalibe.

"Ine ndikuopa ndege?"

Anatambasula dzanja. "Patseni foni." Sanakuwe. Ndinazula foni kuchisipika n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anapempha a Mwale kuti awaimbire mwana wawo, chifukwa sankadziwa podinda. Zaka ziwiri foni ili m'nyumba mwawo, ine sindinawaonetsepo. A Mwale anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, n'kuimba. Anabanda anapita nayo kuseri kwa nkhokwe.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osatsanzika. Ena anali atavala magalasi akuda amene ndinawagulira, ena malamba anga ali m'chiuno. Palibe anavula. Ndinatsala ndekha pampando, nsapato zofundula kumapazi, ndodo pamiyendo, makatoni ali mbwee. Kuseri kwa nkhokwe ndinkamva akazi awiri akulira, wina pafupi, wina kutali m'kafoni. Ndinamva Anabanda akuti, "Mwana wanga, chikwama ndinali nditamanga. Ndinali nditamanga, Rozina." Anabwereza katatu.

Fungo la pulasitiki la m'makatoni aja, limene miyezi yonseyi ndinkalinunkhiza ngati mafuta onunkhira, linandilowa m'mphuno. Ndinathamangira kukhola n'kusanza. Ndinasanza thobwa la mkazi wanga mpaka ndulu, ng'ombe zanga ziwiri zikundiyang'ana.

Anabanda atamaliza anandipeza komweko, nditagwira mtengo wa khola. Anati, "Zaka makumi anayi ndakhala ndikutsitsa mutu mukamakuwa. Ndinkati ndi mawu chabe, mawu saluma. Lero ndadziwa kuti inu mumapha mukakhala chete." Foni anaimanga pakona ya chitenje. Kuyambira tsiku limenelo sinabwererenso m'thumba mwanga.

Tsopano za kudzuka. Musayembekeze zozizwitsa, panalibe mngelo. Panali manyazi ndi miyendo.

Choyamba sindinachite ine. Anabanda tsiku lomwelo anauza Rozina kuti aitane amayi a kutchalitchi kwake, asachite manyazi. Panapezeka mayi wina wa ku Malawi amene anamutengera kuchipatala n'kugona naye masiku angapo. Ntchito ya mkazi wanga inagwiridwa ndi mlendo. Mayi ameneyo nkhope yake sindikuidziwa, koma ndimamutchula pa kolona.

Changa choyamba chinali Lolemba m'mawa. Ndinayenda wapansi kupita kwa a Mwale. Pa zonse zimene ndachita, ulendo umenewo ndiwo unali wautali, ngakhale ndi pongodutsa dimba limodzi. Ndinawapeza akutsuka m'kamwa.

"Aphunzitsi, ndabwera mundiperekeze m'tauni. Mukandiwerengere zimene sinditha kuwerenga."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. "Bwana Dola ayenda wapansi? Hutala ili kuti?"

"Nenani zonse, ndi tsiku lanu."

Analavula madzi, nati, "Dikirani ndivale nsapato, a Sakala." Za chidindo sanatchule, ndipo mpaka lero sanatchulenso.

Tinayambira kwa a Lameki. Nkhani inali itawafika kale. Sanandipatse mpando. Ndinawauza zonse ndi pakamwa panga, ndili chiimire, makasitomala awo akumva. Kubanki a Mwale anapempha pepala la zonse zimene zinatuluka m'khadi, nandiwerengera mzere ndi mzere pabenchi la panja. Chipewa, wotchi, suti, tochi, tochi, tochi. Ndinati alekeze. Anati, "Ayi, munadinda nokha, mumva nokha." Khadi langalo ndinalitseketsa tsiku lomwelo, ndipo madzulo a Lameki anabwera kumudzi kudzachotsa manambala ake m'foni.

Ndinayesa kugulitsa zinyalala zija. Ndinaziyala pamsika wa Loweruka ngati wakaunjika. Amene ankanditcha malume ankadutsa akuyang'ana kumwamba ngati akuona mvula. Mmodzi anafuna chisipika pa mtengo wa nkhuku yaikazi. Makina a mazira palibe anawafunsa n'komwe, pano Anabanda anasiya atasungiramo anyezi.

Ndiye ndinachita chimene ndinayenera kuchita poyamba paja. Ndinagulitsa Kaputeni ndi Bulaki, ng'ombe zanga zapagoli, pamodzi ndi ngolo. Anagula munthu wa ku Chipangali. Anadziwa kuti ndapanikizika, anandifinya mtengo, ndipo sindinakuwe. Pozitulutsa m'khola Bulaki anakana kuyenda, mpaka ndinachita kumutsogolera ndekha kukafika pamsewu. Tikiti inali itakwera chifukwa chogula mochedwa, ndiye mtedza wa mbewu unapitanso.

Tinabwerera kubanki anthu atatu, ine, Anabanda ndi a Mwale. Khadi latsopano linalembedwa dzina la woyenda. Pofika poti asankhe nambala yachinsinsi, mayi wa pakauntala anandiyang'ana, ine n'kutembenukira kukhoma ndekha. Nambala imeneyo sindiidziwa ndipo sindiifuna. Tikiti anagula a Lameki, alongo awo atakhala pambali, ndipo atangomaliza anachotsa khadi m'foni.

Ndinapitanso kukalapa. Bambo mfumu anamvetsera zonse, nati, "Mwaulula kwa Mulungu m'kachipinda, koma munachimwira pabwalo." N'chifukwa chake ndaima pano.

Ndikuona ena mwa inu ana anu ali kunja, ndipo makhadi amenewa ayamba kulowa m'midzi muno. Khadi lilibe tchimo. Anabanda anayenda nalo bwinobwino, anamwa tiyi pabwalo la ndege ku Lusaka, anagula sopo ku Kepi, palibe wakuba anawapeza ndi kanthu. Wakuba anali m'nyumba. Koma ndikupemphani, ngati m'khadi muli madola, funsani pa madola. Akakuuzani pa kwacha mudzaona mkaka pamene palibe. Khadi likhale m'dzina la amene akukwera, ngakhale akhale mkazi wako amene umati sadziwa kanthu. Lisagone m'foni, chifukwa ndalama ya m'thumba ukamaitulutsa dzanja limamva kupepuka, koma chala sichimva kanthu. Timauthenga ta banki musafafanize. Ngati Chingelezi chakukanikani ngati ine, pitani kwa a Mwale, amaluma pang'ono koma amawerenga. Ndipo ndalama imene mwana watumizira chinthu, ndi ya chinthu chimenecho. Sanakuikize ng'ombe. Wakutuma.

Inu a Zulu, ndakuonani mukuseka kuyambira pa suti paja. Sekani, inang'ambikadi. Koma njinga imene mwana wanu anatumizira ndalama chaka chatha kuti amake aziyendera kuchipatala, ili kuti? Musandiyankhe ine. Mukayankhe kunyumba.

Anabanda ananyamuka mdzukulu ali ndi miyezi iwiri. Chikuta chinali chitatha kalekale, anamutulutsa ndi mayi wachilendo uja. Zimenezo sizidzabwereranso, ngakhale nditagulitsa denga. Ndinawaperekeza pa siteshoni ya basi ku Chipata, ndinanyamula chikwama pamutu ngati mtengatenga. Atakhala pawindo sanandikwezere dzanja. Anangoti, "Nkhuku muzitsekera."

Chaka chino ndalima ndi khasu, munda umene ndinkaumaliza masiku anayi wanditengera mwezi. Msana ukundiuza zaka zanga. Foni yaikulu inapita ndi eni ake, ine ndili ndi kakang'ono kamabatani kamene a Lameki ananditayira. Anabanda amaimba Lamulungu masana. Rozina bala linapola, koma ndi ine salankhula. Mwezi woyamba sanafune n'komwe kukhala m'chipinda amake akamaimba. Sindimudandaula. Ine mwana atandichita zimenezi ndikanamutemberera pamsika.

Lamulungu lapitali foni inalira ndili pakhonde. Anabanda anandiuza za mdzukulu, kuti wayamba kugwira zala za anthu, kuti ali ndi mphumi ya kwa Sakala, mwatsoka lake. Kenaka chakumbuyo ndinamva mawu ena, otsika, osalankhula ndi ine. Anali Rozina.

"Afunseni ngati adya."

Bodza linafika pamlomo msangamsanga, lija lozolowera, lakuti ndadya nkhuku, ndakhuta, kuno zonse zili bwino. Ndinalimeza.

"Muuzeni sindinadye. Ndapsereza nyemba, poto yemwe wabooka."

Kenaka ndinamva akuseka, onse awiri, mayi ndi mwana wake, kutali uko, m'chipinda chimodzi.